Kudula Korali ya Abwana

Ndinali kupukuta galasi la thanki ya nsomba pamene ndinaona poyera paja. Panali patsinde, pamene korali inagwirira mwala. Kachigamba kochepa, ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinaleka kupukuta, ndinagwada, ndinayang'ana. Dzulo lake panalibe.

Abwana anali m'chipatala sabata yachitatu. Anagwa m'bafa m'mawa wina, ziwalo za mbali ya kumanja nkufa. Adona ankapita kukawaona tsiku lililonse, kuchoka naini koloko, kubwera dzuwa litapendeka. Pakhomo tinkatsala awiri: ine wa kugadeni, ndi mayi wa m'nyumba wa ku Mabopane, amene tonse tinkawatchula kuti Ausi, monga amaitanirana akazi a kumeneko. Iwo ankanditchula Malawi. Dzina langa ankalidziwa, koma ankati limawatopetsa lilime.

Nyumbayo inali ku Brooklyn, mumzinda wa Pretoria, mumsewu wa mitengo ya jakaranda. Ndinayamba ntchito pamenepo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nditagwirako m'nyumba zina ziwiri chifikire ku Joni. Ntchito yanga inali kapinga, mpanda, maluwa ndi damu losambira. Ndinkagona m'chipinda cha kuseri kwa galaja. Abwana anali munthu wachikulire wopuma pantchito, wosakonda kulankhula. Inenso sindikonda. Tinkagwirizana. Tsiku limatha kutha titangonena mawu anayi.

Thanki sinali ntchito yanga. Inali ya abwana okha. Inali m'chipinda chochezera, yaitali ngati bedi, yondifika pachifuwa. Madzi ake anali amchere ngati a m'nyanja ya ku Durban, imene ine wa kumapiri a ku Ntcheu ndinali ndisanaione. Munali nsomba zisanu ndi ziwiri, nkhono, miyala yobookabooka, ndi zinthu zina zofewa zimene zinkagwedezeka madzi akamayenda. Pamwamba pa miyala, pansi pa nyali yaikulu, panali korali.

Munthu woiona koyamba amati ndi kamtengo kopanda masamba. Ndi yolimba ngati mwala, koma ndi yamoyo. Abwana anandiuzapo kuti mwalawo wakutidwa ndi khungu lopyapyala, ndipo m'khungumo muli tizilombo tambirimbiri timene timamanga mwalawo pang'onopang'ono. Khungu likafa pamatsala mwala woyera. Ndinamva, koma mumtima ndinkaiwerengera pamodzi ndi mbewu. Imafuna kuwala, imafuna madzi, imaphuka nthambi. Yathu inali yotambalala ngati manja awiri, yofiirira, nsonga zake zabuluu. Abwana ankamwa khofi wa m'mawa atakhala patsogolo pake. Alendo akabwera ankayamba kuwaonetsa iyo, zithunzi za zidzukulu pambuyo.

Chaka choyamba sanandilole kuyandikira. Ankati manja anga ali ndi feteleza ndi mankhwala a maluwa. Pambuyo pake anandiphunzitsa zochepa, zoti ndizichita akapita kutchuthi. Kusamba m'manja ndi madzi okha, opanda sopo, mpaka m'zigongono. Kupukuta galasi. Kupatsa nsomba chakudya. Kuwonjezera madzi mpaka pamzere wakuda umene anajambula pakona. Korali anati ndisaikhudze ngakhale ndi chala. Ananena kawiri.

M'galaja munali migolo iwiri yapulasitiki, wabuluu ndi woyera. Wabuluu unali wa madzi osefa, opanda mchere, odontha kuchokera m'kamakina ka pakhoma. Woyera unali wa madzi omwewo koma othira mchere. Anati tsiku ndi tsiku ndizitunga mu wabuluu. Woyera unali wawo, wosinthira madzi Loweruka. Chifukwa chake sananene. Ine sindinafunse.

Abwana atagwa, mgolo wabuluu unali pafupi kutha. Unatha masiku anayi. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa la ku Pretoria likuwamba, nyali nayo ikutentha, madzi a m'thanki nkumatsika zala ziwiri tsiku lililonse. Madzi a pampopi anali oletsedwa. Kamakina kosefa kanali ndi timipopi titatu ndi timapaipi ta mitundu itatu. Ndinakayang'ana, ndinakasiya, kuopa kuwononga. Mgolo woyera unali wodzaza. Ndinaganiza kuti nsomba za m'madzi amchere sizingakane madzi amchere. Ndinkaona ngati ndikuzipatsa zabwino koposa. Ndinatunga mmenemo masabata awiri, ndowa imodzi m'mawa uliwonse, osaphonya.

Tsiku limene ndinaona poyera linali Lachitatu. Ndinadula kachidutswa ka tepi nkumata pagalasi, molingana ndi pamene kuyera kunalekezera. Kumunda ndimatero ndi kachingwe nthambi ikayamba kuola, kuti ndidziwe ngati chowola chikuyenda. Lachinayi m'mawa kuyera kunali kutadutsa tepi ndi chala chimodzi chopingasa. Khungu linali kusupuka ngati la mbatata yophika, tizidutswa nkumayandama.

Ausi anandipeza nditagwada pomwepo, tiyi wanga akuzizira kukhitchini.

"Malawi, wayamba kupemphera kwa nsomba?"

"Korali ikudwala."

"Mwala umadwala?"

"Uwu umadwala."

Anatsamiritsa tsache pakhoma, anawerama, anayang'ana.

"Wasintha chiyani chichokere mdala?"

"Palibe."

"Ganiza. Ine ndakhala ndikupukuta pansi pa chinthu ichi zaka zonsezi, sichinaterepo."

"Madzi. Mgolo wabuluu unatha. Ndikutunga mu woyera."

"Woyera uja si wamchere?"

"Wamchere. Thanki nayo ndi yamchere."

Anaweramuka, manja m'chiuno.

"Malawi, kwanu amuna saphika?"

"Ndimaphika."

"Msuzi ukaphwa pamoto umathira chiyani?"

"Madzi."

"Amchere?"

Ndinayang'ana thanki.

"Chimene chimapita ndi nthunzi ndi madzi. Mchere umatsala m'poto. Ndiye iwe masabata awiri ukuthira mchere pamwamba pa mchere. Eish. Mkazi wako kumudzi asakulole kuyandikira poto."

M'kabati ya pansi pa thanki munali kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi kamuvi mkati, koyezera mchere. Ndinkaona abwana akukaviika m'madzi nkukayang'ana pawindo. Pamene kamuvi kayenera kuima anadonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo wa adona. Ndinasamba m'manja, ndinakaviika. Kamuvi kanakwera, kanadutsa kadontho kofiira, kanakaima kumwamba, pafupi ndi pothera manambala. Ndinataya madziwo nkuyezanso. Chimodzimodzi.

Ndinafuna kukoka paipi ya kugadeni ndi kuthira madzi mpaka mchere uchepe. Ndinafika nayo pakhonde. Ndinaibweza. Ndinali nditaganizapo kale ndekha kamodzi, ndipo zotsatira zake zinali m'thankimo.

Adona atabwera anakhala m'galimoto kanthawi, injini itazima, monga ankachitira masiku amenewo. Ndinawadikira pakhomo la galaja.

"Adona, ndalakwitsa."

Ndinawauza za migolo. Anamvetsera makiyi ali m'manja.

"Ifa?"

"Sindikudziwa."

"Amaifunsa tsiku lililonse. Mawu ambiri sakutuluka, koma funso limenelo likutuluka. Ndimawauza kuti ili bwino." Anatseka chitseko cha galimoto. "Chitani zimene mungathe. Koma musaikhudze. Mukuwadziwa."

Ku Capital Park, kunyumba imene anzathu ambiri ankachita lendi, kunali achimwene ena a ku Machinga amene ankatsuka mathanki m'shopu yogulitsa nsomba zoweta. Tinkadziwana chifukwa chometa kwa munthu mmodzi. Ndinakwera takisi dzuwa lisanalowe, ndinakawauza. Anabwera Lachisanu masana atatuluka kumzikiti, kachipewa koyera kali kumutu, chigubu cha madzi osefa chili paphewa. Nsapato anavula pakhomo la kukhitchini asanauzidwe, ndipo Ausi anawakonda pompo.

Anayeza mchere. Analiza kamluzu.

"Achimwene, mumafuna kuifutsa kuti mutumize kumudzi?"

"Ingonenani chochita."

"Chochita ndi kusathamanga. Mchere unakwera pang'onopang'ono, utsikenso chimodzimodzi. Mukathira madzi ambiri kamodzi mupha ndi nsomba zomwe. Chotsani majagi awiri, bwezerani majagi awiri a madzi opanda mchere. M'mawa, masana, madzulo."

Anandionetsa kamakina ka m'galaja. Kampopi kotsegula kanali kamodzi kokha, ka paipi yakuda. Ndinachita manyazi. Madzi anayamba kudontha mu mgolo wabuluu, tho, tho, tho. Tinabwerera kuthanki.

"Poyerapo padzabwerera?" ndinafunsa.

"Ayi. Pamenepo patha."

"Kukwerako kuleka?"

"Nthawi zina kumaleka. Nthawi zambiri kumakwera mpaka kunsonga, ngakhale madzi mutawakonza. Ndaonapo yaikulu kuposa iyi ikutha masiku atatu."

Ndinayang'ana nsonga zabuluu zija. Zinali bwinobwino, ngati sizikudziwa za kumunsi.

"Kumunda, nthambi ikayamba kuolera kutsinde ndimadula pamwamba pa chowola, nsongayo nkubzala pena."

"Kushopu timateronso. Koma amadula ndi bwana wanga, ine ndimangogwira mbale."

"Zimagwira?"

"Zina. Mumamata pa kamwala ndi guluu. Eni ake avomera?"

Ausi anaseka ali kukhitchini. "Mdala ameneyo? Anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa chopopera mankhwala a ntchentche m'chipinda chimenecho."

Pochoka, achimwene anasiya kachubu ka guluu pawindo la galaja. Ndinawaitana kuti aiwala. Anati sanaiwale.

Mchere unayamba kutsika. Zofewa zija, zimene zinali zitakhwinyata ine osazindikira, zinayamba kutambasuka. Nsomba zinkadya. Koma kuyera sikunaleke. M'mawa uliwonse ndinkamata tepi ina, ndipo pofika Lolemba pagalasi panali makwerero. Tsinde lonse linali litayera. Kuyera kunafika pamphanda nkugawikana, kulowa m'nthambi iliyonse.

Lolemba lomwelo ndinapempha adona kuti ndidule. Anakana.

"Ndikawafunsa adziwa kuti ikudwala, ndipo adokotala ati asade nkhawa ndi kanthu. Dikirani sabata imodzi. Akutuluka."

"Kukuyenda chala chimodzi patsiku. Nthambi zatsala zala zisanu ndi chimodzi."

"Si yanga, si yanu. Musadule."

Sanali kulakwa. Chinthu cha munthu ndi cha munthu, ndipo ine ndi amene ndinachidwalitsa. Ndikanadikira, ndikanakhala ndalakwa kamodzi. Ndikanadula nkufa zonse, ndikanakhala ndalakwa kawiri, kachiwiriko nditaletsedwa ndi anthu awiri. Lachiwiri ndinatchetcha kapinga, ndinadulira mpanda, ndinatsuka damu. Ndinalowa kukayang'ana kanayi. Ulendo wachinayi ndinaona kuti nthambi yaifupi ya kumbuyo inali itayera mpaka kunsonga. Imeneyo inali itapita kale.

Lachitatu, galimoto ya adona itatuluka pageti, ndinasamba m'manja nthawi yaitali. Sizasi ya maluwa sindinaitenge, inali ndi oyilo ndi mankhwala. M'bokosi la zida la abwana munali pulayala yodulira waya, yatsopano, ikadali m'pepala lake. Ndinaitsuka ndi madzi otentha. Ndinatola timiyala tafulati pansi pa thanki. Ausi anabweretsa mbale yagalasi ya saladi, tinaidzaza madzi a m'thanki.

"Akakuchotsa ntchito, ine ndinali kuchapa," anatero.

"Gwirani mbale."

Ndinazimitsa pampu kuti madzi aime. Ndinalowetsa mkono. Kansomba kachikasu kanabwera kudzajompha ubweya wa pamkono, kenako kanathawira kuseri kwa miyala. Nthambi yoyamba ndinaigwira ndi zala ziwiri. Inali yokhakhala, koma yoterera pamwamba. Zaka ziwiri ndinali kuiona ndisanaikhudzepo. Ndinaika pulayala chala chimodzi pamwamba pa poyera, pakhungu labwino, chifukwa chowola chimakhala chitapita kale patsogolo pa pamene maso akuona. Ndinafinya. Inalira ngati chogwirira kapu chikathyoka. Mkati munali moyera, mouma, mopanda utomoni.

Ndinadula zisanu ndi zinayi. Imodzi inandipulumuka nkugwera m'mphako ya miyala, sindinaipezenso. Zisanu ndi zitatu zinalowa m'mbale. Zinatulutsa zonanda zambiri, fungo ngati la pamsika wa nsomba. Ausi anatembenuza nkhope, koma mbale sanaigwedeze. Ndinkatulutsa imodziimodzi, kupukuta podulapo ndi pepala, kudontheza guluu, kukanikiza pa kamwala, kuwerenga mpaka makumi atatu, kubwezera m'madzi. Chala changa chinamatirira ku kamwala kena.

"Lowa nako m'thanki," anatero Ausi. "Mwina nawe ukamera, mdala azimwera khofi patsogolo pako."

Ndinachikanganula ndi mano.

Tinthambito sindinatiike pamwamba, pansi pa nyali. Chodula chatsopano sichifuna dzuwa lamphamvu. Ngakhale maluwa ndimayamba kuwaika pamthunzi. Ndinatindandalika pakati, pamene madzi a pampu amadutsa, motalikirana kuti kena kakadwala kasapatsire kanzake. Ndinayatsa pampu. Ndinatsuka mbale, ndinapukuta pansi, ndinabweza pulayala m'bokosi. Zonse zinatenga ola limodzi. Kenako ndinapita kukazula udzu m'maluwa.

Adona atabwera anaima patsogolo pa thanki, chikwama chili pamkono. Pamwamba pa miyala panali chitsa choyera cha nthambi zoduka. Anatuma Ausi kudzandiitana.

"Ndinati chiyani?"

"Munati ndisadule."

"Ndiye?"

"Ndadula."

Anayang'ana tinthambi tija, kamodzikamodzi.

"Mudzawauza nokha," anatero, nkupita kuchipinda. Kwa masiku angapo zochita zanga ndinkazimvera kwa Ausi.

Pofika Loweruka chitsa chinali chitayera chonse, zotsala za khungu zikuipitsa madzi. Ndinachizula, ndinachitsuka pampopi wa panja, ndinachiika pashelufu m'galaja pakati pa zitini za penti. Chinali chopepuka kuposa mmene ndinkaganizira.

Abwana sanatuluke sabata imeneyo. Anawasamutsira kumalo ophunzitsa kuyenda, nkukhalako mwezi ndi theka. Mwa tinthambi tisanu ndi titatu, titatu tinayera masiku awiri oyamba. Ndinatichotsa msanga. Kena kanalimba sabata yathunthu, kanali kakakulu kuposa tonse, ndipo ndinali nditakawerengera kale kuti kapulumuka. M'mawa wina ndinakapeza katasupuka theka. Masana kanali katatha. Tinatsala tinayi.

Masiku otsatirawo ndimawakumbukira ngati abata. Ndinkadzuka, kutsegula kampopi ka kamakina, kusamba m'manja, kuyeza mchere. Kamuvi kanatsika mpaka pa kadontho kofiira nkukhazikika. Loweruka ndinkasintha ndowa ziwiri, kuchotsa amchere, kubwezera amchere a mu mgolo woyera, monga achimwene anandionetsera ulendo wachiwiri. M'mawa nyali isanayake, tinthambi tinkatulutsa tiubweya tating'ono togwedezeka. Ndinaphunzira kuti kakatero ndiye kuti kali bwino. Masana mvula ya mabingu inkandithamangitsa kumunda, ndipo ndinkaima pakhomo la chipinda chochezera, nsapato nditavula, kuyang'ana. Panalibe choona. Korali sikula munthu akuyang'ana. Ubuluu unali utachoka, tinali tofiirira basi, tosakongola. Ausi ankatitchula ana a Malawi, ndipo akafika m'mawa, asanavule jekete imene ankavala m'sitima, ankafunsa ngati ana agona bwino. Lamlungu achimwene a ku Machinga ankandifunsa kometera kuti atsala angati, ine nkukweza zala zinayi.

Sabata yachitatu adona anandipeza ndikuyeza mchere. Anaima kumbuyo kwanga ndi kapu yawo.

"Tinthambi tili tingati?"

"Tinayi."

"Tikhala?"

"Sindikudziwa. Sitikuyera."

"Dzulo anafunsanso. Ndinawauza kuti mukuisamalira." Anamwa tiyi. "Limenelo si bodza."

Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kulankhula nane okha.

Abwana anabwera mu Marichi. Anatsika m'galimoto ndi ndodo ya miyendo itatu, ataonda, pakamwa patapotoka pang'ono, dzanja lamanja lili lende. Ndinafuna kuwagwira mkono, anakana ndi mutu. Sanapite kuchipinda. Anayenda pang'onopang'ono, akukoka mwendo, mpaka pampando wawo wa patsogolo pa thanki. Adona anali asanawauze kanthu. Ndinaona pankhope pa adonawo.

Ndinaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Abwana anayang'ana pamwamba pa miyala nthawi yaitali.

"Ili kuti?"

Mawu ankatuluka movuta, limodzilimodzi.

Ndinapita kugalaja, ndinabwera ndi chitsa, ndinawaikira pamiyendo. Anachigwira ndi dzanja lamanzere, akuyendetsa chala podukapoduka. Ndinanena zonse: mgolo wabuluu, mgolo woyera, masabata awiri, kuyera, pulayala. Sizinatenge nthawi.

"Anakuuza kudula ndani?"

"Palibe. Adona anakana."

"Ndinakuuza za migolo."

"Munandiuza."

"Ndinakuuza chifukwa chake?"

"Ayi."

Pampu inali kulira. Kukhitchini mbale zinali zitasiya kugundana.

Anapempha galasi lawo lokuzira zinthu, limene ankawerengera nyuzipepala. Adona anawapatsa. Anasendera kutsogolo mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza thanki. Anayang'ana kanthambi koyamba, kachiwiri, kachitatu. Pa kachinayi anakhalitsa. Anabwereranso ku koyamba.

"Bwera."

Ndinagwada pambali pawo. Anandipatsa galasi nkuloza patsinde pa kanthambi ka kumanzere. Khungu linali litatsika, litaphimba guluu, litayamba kufalikira pa kamwala, mkombero wopyapyala wowala m'mphepete. Ndinali ndisanauone. Masiku onsewo ndinkangoyang'ana kunsonga.

"Kagwira," anatero. "Titatu tagwira. Aka sindikudziwa."

Ndinabweza galasi.

"Mchere. M'mawa uliwonse. Uzindionetsa."

"Chabwino, bwana."

Anayang'ananso chitsa chimene chinali pamiyendo pawo, kenako tinthambi. Anatambasula chala chaching'ono cha dzanja lamanzere nkuchiika pagalasi, pafupi ndi kanthambi, kuyerekeza.

"Ndinaigula ili chonchi," anatero. "Kuchoka apa, kufika apa." Anagogoda chitsa. "Zaka zisanu ndi ziwiri."

"Tidzakula," anatero adona ali kumbuyo kwa mpando.

"Tidzakula. Ine zisanu ndi ziwiri ndilibe."

"Musatero."

Abwana sanatembenuke. Chala chinali chikadali pagalasi. Ndinadikira pang'ono ngati pali china. Panalibe. Ndinaimirira, ndinavala nsapato pakhomo, nkupita kukasuntha paipi ya pakapinga.